A Osumani, Woweruza Makombola Woyang'ana Pansi

Uthenga wa imfa ya Amalume a Osumani unandipeza ndili pa shifiti ya m'mawa kuchipatala, ndipo pamene ndinkavula yunifolomu madzulo n'kuti atawaika kale m'manda. Asilamu sachedwa ndi maliro. Ife amene tinazolowera kugona pasiwa, kuphika ndi kuimba mpaka mawu kusasa, tinangotsala titagwira mafoni m'manja ngati anthu amene basi yawasiya pasiteji. Tinapita kunyumba kwawo ku Oadby, kufupi ndi Leicester, kukapepesa, tinakhala pakapeti mwaulemu, tinamwa tiyi wonunkhira, n'kubwerako. Palibe anaimba. M'galimoto pobwerera, Mayi Nangozo, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwathu, anangoti, "Koma abale, munthu uja wapita chonchi basi?" Mwezi uno chakwana chaka, ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbuka za munthu amene ndinakhala ndikumufunsa mafunso kwa zaka zambiri koma osamumaliza.

Ndinawadziwa chifukwa cha therere. Ndinali nditangofika kumene ku Leicester, chisanu chikundilowa m'mafupa, ndipo ndinalowa m'kasitolo kena ka pakona kukafuna ndiwo. Therere lake linali lofota. Ndinadandaula ndekha m'Chichewa, poganiza kuti mmwenye wachikulire amene anali pakauntala sakumva kanthu. Iye osadzutsa n'komwe mutu anati, "Lafota ndi chisanu ngati inu nomwe, mayi. Kwanu n'kuti?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa basiketi. Anabadwira ku Ntcheu, kuseri kwa sitolo ya bambo awo, ndipo anachokako ali mnyamata wa ndevu zoyamba, n'kubwera kuno nthawi imene boma la kwathu linalamula kuti amwenye achoke m'midzi. Chichewa chawo chinaima pomwepo. Ankalankhula cha agogo anga chenicheni, chopanda Chingerezi, ndipo ife a "ndabuka tikiti" ndi "ndikuchaja foni" ankatiseka kuti alendo ndife. Amalawi tonse tinkawatcha Amalume.

M'sitolomo munali ufa, nyemba, usipa wouma ndi zina zimene zimatisunga kuno. Koma kumbuyo kunali kabati yachitsulo yokhoma, imene inkatsegulidwa masamba akayamba kuyoyoka. Mmenemo munali makombola. Ankagulitsa kwa Ahindu pa chikondwerero cha Diwali ndi kwa azungu pa chikondwerero chawo cha mu Novembala, ndipo ankanyadira kuti Msilamu wa ku Ntcheu ndiye amayatsira moto zipembedzo zonse za mumzinda. Anzawo ena a kumzikiti akang'ung'udza, iwo ankangoti thambo ndi la Mulungu ndipo sanalibowolepo. Mtundu uliwonse wa makombola anaupatsa dzina lakwathu. Othetheka aja anali mbuliwuli, ophethiraphethira anali ziphaniphani, ndipo agolide amene amatsika pang'onopang'ono atawerama anali ngayaye. Ukasankha chifukwa cha chithunzi cha pabokosi, ankakulanda n'kukupatsa ena.

Koma mtima wawo sunali pa makombola a kuseri kwa nyumba ayi. Unali pa mpikisano wa mu Ogasiti. Chaka chilichonse, pabwalo la chinyumba china chakale kumidzi ya kufupi ndi Loughborough, makampani atatu amabwera kudzapikisana. Kampani iliyonse imasankha nyimbo zake n'kukonza pakompyuta kuti makombola aziphulika motsatira nyimbozo. Anthu amabwera ndi mipando yopinda ndi zakudya, amadikira mdima, ndipo makampani onse akamaliza amavota pafoni. Amalume anayamba kupita okha, kenako anakoka ine, ine ndinakoka anzanga a kuwodi, mpaka tinayamba kudzaza minibasi. Palibe anawasankha kukhala woweruza. Koma kampani ikangomaliza, utsi usanachoke n'komwe, tonse tinkatembenukira kwa iwo kuti timve chigamulo.

Ankatifikitsa pabwalopo dzuwa lili pamutu, ati kugona pakati n'kuyambirira. Akatsika ankanyowetsa chala ndi malovu n'kuchikweza kuti amve kumene mphepo idzapitire ndi utsi. Chaka ndi chaka chalacho chinkawauza zomwezomwezo, moti mpando wawo wobiriwira unkathera pangodya yomweyo ya kumanzere, pamzati wa mpanda, pansi penipeni pa masipika. Ine mwachibadwa ndine wofunsafunsa, safunsa anadya phula, ndiye ndinawafunsa chifukwa chimene munthu wachikulire angadziphere makutu chotero bwalo lili lonseli.

"Munaonapo munthu akudula mtengo kutsidya la dambo?" anandifunsa. "Nkhwangwa imagwa, phokoso limabwera pambuyo. Amene akhala kumbuyo uko ndi masoseji awo, nyimbo imawapeza mochedwa. Akamavota akuweruza mtunda, osati ntchito ya munthu."

Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri n'chakuti munthuyu sankayang'ana kumwamba. Khamu lonse litakweza nkhope, pakamwa pali yasa, iwo maso ali kutsogolo, pansi, kumene kuli mizere ya mipope yoponyera makombola. Kumwamba ankangoponyako diso mwa apo ndi apo. Chaka choyamba ndinaganiza kuti khosi likuwavuta, ndipo monga namwino ndinayamba kuwafunsa za mapilo amene amagonera. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifotokozera kuti khombola siliphulika nthawi imene layatsidwa. Limayamba lakwera. Choncho wokonza ayenera kulinyamutsa nyimbo isanafike pamene akufuna, ndipo lalikulu limanyamuka msanga kuposa laling'ono chifukwa likupita kutali. Iwo ankaona kamoto kakang'ono kakuti nyezi pakamwa pa mpope, n'kudziwiratu ngati chimene chikubwera chikumana ndi ng'oma kapena chiphonya. Ankati kumwamba umaona zimene zachitika, koma pansi umaona zimene munthu waganiza. Ine ndinayesapo kuyang'ana pansi chaka china, ndinangoona mdima ndi anthu a zipewa zolimba, ndipo ndinaphonya zokongola zonse.

Zigamulo zawo zinali zazifupi ndipo sankathira shuga. Amene adzaza thambo lonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ankati alitukwana. Ankanena kuti thambo nalonso limafuna kupuma, ndipo kampani yoopa mdima sinakhwime. Amene aponya zambiri pamalo amodzi mpaka makombola awo kubisika muutsi wawo womwe, ankati aphikira nkhuni zaziwisi. Ankasamalanso za mtundu wabuluu, ati ndiwo wovuta kupanga chifukwa moto ukachuluka umayera, ndiye kampani ya buluu weniweni ankaivulira chipewa ngakhale nyimbo yake ikhale yoipa. Nthawi zambiri amene iwo asankha sankapambana, ndipo zimenezo sizinkawasowetsa tulo.

Mdani wawo wokondedwa pa nkhani zimenezi anali Mayi Nangozo. Nawonso ndi a ku Ntcheu, amakhala ku Normanton mu Derby, ndipo amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Iwo makombola awo ndi aphokoso.

"Ine ndaswapa shifiti, ndakwera mabasi awiri, ndiye ndidzaonere tiziphaniphani?" ankatero. "Ndikufuna amene amagwedeza chifuwa, Amalume."

"Mukanangopita kokumba msewu, a Nangozo. Kumeneko chifuwa chimagwedezeka ulere."

"Inu mumangofuna kuoneka anzeru. Chinthu chokoma chimadziwika ndi nthungululu."

Ndipo ankaiimbadi nthungululu, pakati pa azungu amene amaomba m'manja ngati akuopa kudzutsa mwana. Amalume ankatseka khutu limodzi, koma tiyi wa m'fulasiki yawo woyamba kumuthirira anali Mayi Nangozo omwewo.

Chaka chimene ndikufuna kunena kwenikweni ndi chimene mdzukulu wawo Zahara analowa mpikisano. Zahara ndi mwana wa mwana wawo wamkazi, anabadwira konkuno ndipo anakulira kuseri kwa kauntala ija. Iye ankawatcha agogo akewo kuti Nana, monga mwa chikhalidwe cha kwawo. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Anakaphunzira za uinjiniya ku Loughborough, ndipo kumapeto kwa sabata ankagwira ganyu pa kakampani kena ka makombola, kunyamula mipope ndi kulumikiza mawaya. Patapita zaka, eni kampani anamupatsa mpata woti akonze yekha chionetsero chonse, kuyambira nyimbo mpaka khombola lomaliza.

Nkhani itamveka, Mayi Nangozo anaimbira foni Mmalawi aliyense wa ku Derby, ku Nottingham ndi ku Leicester, ngakhalenso anzathu a ku Zambia. "Palibe zodisikasa apa," anatero. "Wathu ndi wathu. Kaya ziphulika kaya siziphulika, tivota." Amayi amene sanaonepo mpikisano wa makombola chibadwire anabwera atavala zitenje ngati akupita kuchinkhoswe. Amalume atafunsidwa ngati adzavotere mdzukulu wawo, anangoti adzaona zikadzayaka.

Nyimbo yake Zahara anabisa, ndipo zimene anachita tinadzazimva pambuyo pake. Amalume anali ndi chizolowezi choimba kanyimbo kena cham'mphuno akamasanja zitini m'mashelefu. Ine ndinakamva kwa zaka zambiri, koma kanali kapansipansi, koduladula, kosadziwika mutu wake. Ndinafunsapo, anangoti n'kakwathu. Zahara anakula akumva kanyimboko tsiku ndi tsiku, ndipo kwa iye kanali ka sitolo, ka tiyi, ka Nana wake. Anakajambula pafoni iwo osadziwa, n'kukapereka kwa mnzake woimba vayolini kuti akaveke zida zoimbira. Ankafuna kuti ikhale mphatso.

Tsikulo kampani yoyamba inatukwana thambo monga mwa masiku onse. Yachiwiri inachita bwino, Amalume anagwedeza mutu n'kunena kuti awa akudziwa kupuma. Kenako kunada bii, ndipo m'masipika munatuluka mawu a nkhalamba ikuimba cham'mphuno. Tinayang'anana, n'kuphulika chiseko. "Ndi Amalume awa!" Wina anayamba kale kuomba m'manja. Ndiye vayolini analowa, n'kuitenga nyimbo ija, kuiwongola, kuiyala poyera mzere ndi mzere, ngayaye zagolide zikutseguka kumwamba. Chiseko chinazima. Inali nyimbo ya maliro, imene amayi amaimba potulutsa bokosi m'nyumba. Aliyense wa ife anaimvapo pakhomo pa kwawo.

Mayi Nangozo anatsika pampando, anakhala pakapinga atatambasula miyendo, n'kufunda chitenje kumutu. Amayi ena anachita chimodzimodzi. Sanapangane, thupi lokha limadziwa kuti nyimbo imeneyo sumvera uli pampando. Azungu a pafupi anatiyang'ana modabwa, n'kubwerera kumwamba. Ine ndinayang'ana Amalume, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo. Nkhope yawo inali kumwamba, kapu ya tiyi itapendekeka m'manja. Cha kumapeto, ng'oma za makina zinalowa, nyimbo inayamba kuthamanga, mbuliwuli ndi mabomba zinadzaza thambo lonse mpaka nthaka kunjenjemera. Khamu linakuwa ndi chisangalalo. Pangodya pathu panali zii.

Anthu a makombola saloledwa kuchoka pamalo awo asanatsimikize kuti zonse zazima, choncho panali kanthawi Zahara asanafike. Wolengeza ananena kuti kuvota kwayamba. Mayi Nangozo anavula chitenje kumutu, maso ali psu.

"Malodza awa," anatero. "Mwana kulira agogo ake ali moyo? Ndi mawu awo omwe, pamaso pa anthu onsewa? Aliyense abweze foni m'chikwama. Abwere kuno, amve. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu."

Ndinachita mantha, ndinene zoona. Mtsikanayo anali akubwera akuganiza kuti wapereka mphatso ya moyo wake, ndipo amene ankamudikira anali amayi okonzeka kumuuza kuti waitanira agogo ake imfa. Mawu otero sachoka. Akanakhala nawo mpaka kalekale, makamaka tsiku limene Amalume akanadzadwala ngakhale chimfine. Tonse tinayang'ana pampando wobiriwira uja.

"A Nangozo," anatero Amalume, "nyimboyi ndikuidziwa. Musaganize kuti ndinkaimba chinthu chimene sindikuchidziwa."

Ndiye anatiuza za Mayi Esinati, dzina limene ine ndi mafunso anga onse ndinali ndisanalimvepo. Anali mayi amene ankagwira ntchito pakhomo pawo ku Ntcheu. Amayi awo owabereka ankakhala m'sitolo tsiku lonse, ndiye amene anawabereka kumsana, kuwasambitsa ndi kuwaphunzitsa kulankhula anali Mayi Esinati. Anamwalira m'miyezi yomwe ija banja linali kumanga katundu kuti lichoke.

"Ndinapita kumudzi kwawo ndekha," anatero. "Ndinaima patali, osadziwa kuti mmwenye amakhala pati pamaliro. Mkulu wina anandigwira dzanja, anati iwe khala apa ndi ana anzako. Potulutsa bokosi anandipatsa ngodya yanga. Amayi anayamba nyimbo imeneyi kumbuyo kwathu. Manda ake sindinawaonenso. Ndiye ndikamaimba m'sitolo muja sindilira imfa yanga ayi, mayi. Ndimaperekeza amayi anga."

Mayi Nangozo anatsegula pakamwa, koma Zahara anali atafika, chipewa cholimba chili m'manja, nkhope yonse mwaye, akumwetulira mpaka m'makutu. Anagwada pambali pa mpando n'kufunsa m'Chingerezi kuti, "Nana, zinali bwanji?"

Ine ndinkaganiza kuti achita chimodzi mwa ziwiri, kumuyamikira kuti nkhani ife, kapena kumudzudzula monga amayi ankafunira. Iwo anaika kapu pansi, anakonza chipewa, n'kuyamba kuweruza ndi mawu omwe aja amene ankaweruzira makampani a anthu osawadziwa. Analankhula pang'onopang'ono kuti amve bwino.

"Poyambira wakhoza. Ngayaye zako zimatseguka pamene mawu akugwera, sizinachedwe, sizinafulumire. Buluu wako ndi buluu. Koma walakwa pawiri. Nyimbo iyi ili ndi woyambitsa ndi ovomera. Woyambitsa amakhala mmodzi, ovomera ndiwo ambiri. Iwe waponya mofanana ponseponse, ngati onse akuimbira pamodzi. Chachiwiri ndi kumapeto. Wathamangitsa maliro, mwana wanga. Bokosi sathamanga nalo."

Mawu oti maliro Zahara amawadziwa. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana amayi amene anali atakhalabe pakapinga, anayang'ana agogo ake, n'kugwira pakamwa. Anayamba kupepesa, misozi ikutsuka mwaye, akuti samadziwa, akanadziwa sakanayerekeza.

"Safunsa anadya phula, inde," anatero Amalume, akuyang'ana Mayi Nangozo, "koma phulalo ndinamuikira m'mbale ndine. Zaka zonsezi sindinamuuze." Kenako anatembenukira kwa Zahara. "Usapepese. Sunatukwane munthu. Wagwira ntchito yabwino imene ili ndi zolakwika ziwiri. Ukaikonze. Pamene ovomera amalowera, akakuphunzitsa ndi a Nangozo awa, amaidziwa kuposa ine."

Atatero anandipatsa foni yawo, chifukwa zovotazo zinkawavuta, n'kundiuza kuti ndiwavotere kampani yachiwiri.

Apa ndiye Mayi Nangozo analumpha. Munthu yemwe uja amene analamula kuti mafoni abwerere m'zikwama anaimirira manja ali m'chiuno.

"Amalume! Mdzukulu wanu ali apa akulira, inu mukuvotera azungu? Mulibe chisoni? Amayi, tulutsani mafoni! Tonse kwa Zahara, wina ndimuone akuchedwa!"

Tinavota tonse, ena misozi ili m'maso, ena tikuseka. Inapambana ndi kampani yachiwiri yomwe ija, ndipo aka kanali kamodzi mwa maulendo ochepa amene khamu linagwirizana ndi Amalume. Mayi Nangozo sanawalankhule njira yonse, ndipo kwa mwezi wathunthu ufa ankagula kwina. Koma mawu oti malodza sanatulukenso pakamwa pa aliyense.

Ndakhala ndikuiganizira nkhani imeneyi. Poyamba ndinkaona ngati anachita nkhanza, chifukwa voti imodzi ikanawatengera chiyani? Zahara ndiye anandimasula. Tsiku lina m'sitolo anandiuza kuti Nana akanangomuyamikira, akanadziwa kuti akumumvera chisoni, ndipo akanakhulupirira kuti wachitadi chinthu choopsa choyenera kubisa. Koma munthu sakuuza kuti ukakonze malodza. Amakuuza kuti ukakonze ntchito. Chimene sindikudziwa mpaka lero n'chakuti anaganiza zonsezo m'kanthawi kochepa kaja, kapena anangolephera kunama pa nkhani ya makombola. Ndinawafunsa. Anandiyankha kuti therere labwino lafika, ndisankhe lisanathe.

Nyengo yachisanu itayamba, Zahara ankakwera sitima Lamlungu masana kupita ku Derby. Mayi Nangozo ankamukhazika m'khitchini, n'kumaimba nyimbo ija ndi mawu ake onse, akumenya tebulo pamene ovomera amalowera. Ankadandaula kwa ine pafoni kuti mwanayu amafunsa mafunso ngati wapolisi, koma Lamlungu likafika ankaphika nkhuku. Amalume ankangofunsa mwa apo ndi apo kuti wafika pati, ndipo Zahara akafuna kuwaonetsa pakompyuta ankakana, ati makombola a pagalasi sanunkha. Anadikira Ogasiti. Mtima wawo unaima mu Febuluwale, m'mawa wina akukonzeka kupita kukatsegula sitolo.

Ogasiti atafika, Zahara sanalowe mpikisano. Anapempha okonza kuti amupatse kanthawi kochepa pamene anthu akudikira zotsatira za mavoti, ndipo anamulola. Ife tinadzaza minibasi ngati kale. Mayi Nangozo ndiwo anatifulumizitsa kuti tifike dzuwa lili pamutu. Atatsika ananyowetsa chala n'kuchikweza, ngakhale ndikukayika ngati anamva mphepo iliyonse, n'kulunjika pangodya ya kumanzere. Mwana wa Amalume anafuna kubweretsa mpando wobiriwira uja, koma Zahara anakana. Choncho Mayi Nangozo anaimirira pamzatipo masana onse, ndipo banja lililonse limene linkabwera ndi bulangeti ankalibweza mwaulemu, ati pali munthu.

Makampani atatu anapikisana, ndipo sindikukumbuka n'komwe kuti anachita zotani. Kenako kunada, mawu a nkhalamba aja anatuluka m'masipika. Tinatsika m'mipando tonse. Ine ndinayang'ana pansi, kumipope, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakaona kamoto kaja, kamodzi kokha, nyimbo isanafike. Ngayaye imodzi inatseguka yokhayokha, chapansipansi. Ndiye mzere wonse unayaka, zambiri zinakwera pamodzi kudzavomera, ndipo Mayi Nangozo anatilowetsa pomwepo. Tinaimba ndi mawu ake, mokweza, nyimbo imene tinalephera kuimba pakapeti ku Oadby. Ndinalira kwambiri, ndipo sindinachite manyazi. Kumapeto kunalibe ng'oma, kunalibe bomba. Ngayaye yomaliza inatsika mpaka kuzima, thambo linatsala lakuda, nkhalamba ikuimbabe cham'mphuno kwa kanthawi, kenako inaleka. Khamu linazengereza, losadziwa ngati zatha, kenako linayamba kuomba m'manja chapansipansi.

Ife sitinaombe. Tinachita chimene tinazolowera, tinatembenukira kumanzere kuti timve chigamulo. Zahara atamaliza kuzimitsa zake anabwera chipewa chili m'manja, ndipo nayenso anadutsa ife tonse n'kukaima pomwepo. Mayi Nangozo, amene sasowa chonena, anangomugwira phewa. Palibe mwa ife akanatha kumuuza ngati ovomera analowa pa nthawi yake kapena ngati buluu anali buluu. Panali mzati wa mpanda, waya wakuda wa masipika utadutsa pansi, ndi kapinga wokwana mpando umodzi amene tsiku lonse palibe anamupondapo. Utsi unkapita kumanja.